Ngalande ya Che Yasini

Madisiketi a kompyuta makumi anayi ndi awiri. Ndinawawerenga ndili chiimire, njinga ndisanaitsamiritse n'komwe, chifukwa ine maso anga akaona zinthu zoyalidwa pamzere amawerenga okha. Mizere isanu ndi umodzi, uliwonse asanu ndi awiri. Anali atayalidwa pa lata kuseri kwa nyumba, mwadongosolo monga amayi amayalira matemba pa thandala, ndipo dzuwa la Febuluwale, lija limatuluka ndi ukali mvula ikangokata, linali litamaliza kale ntchito yake. Ena anali atapindika ngati makaka a chinangwa, ena atatukumuka pakati.

M'madisiketi amenewo munali ntchito ya zaka khumi ya amalume anga, Che Yasini, mlongo wawo wa amayi. Iwo anali pambuyo panga, akutsika pang'onopang'ono kuchokera pamsewu, dzanja limodzi pa ndodo, ndipo anali asanaone kanthu.

Kwathu kuno, kufupi ndi kumene Likangala amathira m'nyanja ya Chilwa, anthu ankangowatchula kuti “aja a makina.” Anabadwira m'mudzi momwemuno. Anayamba ndi madrasa, sukulu ya boma anailowa mochedwa, anzawo m'kalasi akuwalekeza m'khwapa. Masamu ndiwo anawatengera ku Blantyre, kukakhala kalaliki pa kampani ina yomwe inali ndi kompyuta yaikulu ngati nkhokwe ziwiri, yodya makadi obowolabowola. Poyamba ankangonyamula makadiwo. Kenako anayamba kuwabowola, kenako kulemba okha mapulogalamu, amene ndi malangizo ouza makinawo chochita. Zaka zomaliza sankalembanso kwambiri. Ankajambula, anzawo n'kumalemba motsata chojambulacho.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti amajambula nyumba. Atabwerera kumudzi mu 1994, kampani itachepetsa antchito ndipo shuga atayamba kuwaika nkhungu m'maso, ndinawafunsa bwinobwino. Ananditengera pa mlambala wa sikimu ya mpunga ya Likangala. Anati munthu aliyense asanagwire khasu pamenepo, panali wina amene anakhala pansi n'kuganiza kuti ngalande yaikulu idutsa pati, zing'onozing'ono zipatuka pati, zitseko zikhala pati, kuti mlimi wa kumapeto naye madzi azimupeza. Alimi dzina lake salidziwa, koma madzi amafika. Ntchito yawo akuti inali imeneyo, kungoti madzi ake anali manambala.

Masiku opuma ankamanga pulogalamu yawoyawo, ndipo anaitcha Ngalande. Ntchito yake inali yosavuta kuimva ngakhale kwa ine: zolowa, zotuluka, zotsala. Koma anaimanga mwakuti aliyense angathe kulumikizako munda wake osagumula ngalande yaikulu. Wachipatala alumikize mankhwala, wa sukulu alumikize mabuku, wa sitolo alumikize shuga ndi parafini. Ndipo ankaipereka ulele. Wabwera ndi disiketi yopanda kanthu, ankamukopera, pamodzi ndi mizere yonse ya m'kati mwake, kuti akafuna akasinthe yekha.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba geni ya mpunga, ndikupalasa njinga kupita ku Songani Loweruka lililonse, ndipo chilichonse padziko ndinkachiona ndi mtengo wake pamphumi. Ndinawerengera m'mutu anthu onse amene akanagula, zinatuluka ndalama zogulira chigayo ndi zina zapamwamba. Ndinawauza. Anaseka mpaka kutsokomola.

“Sauda, mpunga umene umagulitsa uja, wogayitsa, munthu angaudzale?”

“Ungamere bwanji wopanda mankhusu?”

“Makampani amagulitsa wogayitsa. Wadya, watha, ubwerenso ndi ndalama. Ine wanga ndi wa mbewu.”

Ndinawayankha kuti ngakhale mbewu imagulitsidwa, ndipo mtengo wake umaposa wa wodya. Anati ndili ndi mutu wabwino, ungofunika mthunzi.

Chaka chotsatira nyanja inauma. Amene sanaione sangamvetse. Mabwato anagona chammbali pa Kachulu ngati ng'ombe zodwala, asodzi anabalalika, ena kukalima, ena kukaotcha makala kuphiri. Pamene panali madzi panatsala dothi lotuwa, long'alukang'aluka, mpaka kumene maso alekeza. Masana chilumba cha Chisi chinkaoneka choyandama m'mwamba, pansi pake pakunyezimira madzi amene kulibe, ndipo anthu oyenda pansi kupita kuchilumbako ankatalika, miyendo n'kuthera mumpweya.

Amalume ankaikonda nyanja youmayo. M'mawa dzuwa lisanapse ankanditenga kuti ndikawatsogolere, ndipo tikafika pamene dothi lili losalala ankayamba kujambula ndi ndodo: mabokosi aakulu ngati zitseko za nyumba, mivi yochokera m'bokosi lina kulowa m'linzake. Pepala linali litayamba kuwachepera, koma apa akuti ankaona bwino. Ankayenda m'kati mwa chojambulacho monga munthu ayendera m'nyumba yake, akulankhula okha, nthawi zina kubwerera n'kufufuta ndi phazi. Mphepo ikadza ndi kamvuluvulu inkanyamula theka la ntchitoyo kupita nayo ku Mozambique. Iwo sankadandaula. Ankati chofunika chalowa kale m'mutu.

Chimene ankajambula chinali munda watsopano wa Ngalande, ndipo uwu unali wa madzi enieni. Chaka chimenecho ku sikimu anthu ankakangana pa zitseko, a kumtunda kutseka, a kumapeto kudzagumula. Amalume ankafuna kuti pulogalamu izitha kugawa masiku a madzi poona kukula kwa munda, msinkhu wa mpunga ndi madzi amene mtsinje uli nawo. Lachitatu ndinkawakweza pa keliyala ya njinga mpaka pa siteji, n'kukwera matola kupita ku Zomba kwa a Thomson, mnzawo wa ku Blantyre amene anatsegula kaofesi kotayipira anthu makalata. Masana a Thomson ankawabwereka kompyuta. Amalume ankayandikiza nkhope pa galasi la kompyutayo mpaka mphuno kufuna kugunda, zilembo zobiriwira zikuwala pa magalasi awo ngati kuwala kwa pansi pa bango.

Gawo la madzili sanapatse aliyense. A Thomson atawapempha kuti aone, anakana. Anati silinapse, lili ndi mabowo ambiri, munthu sangaonetse alendo nyumba yopanda denga. Linkabwerera kumudzi m'thumba la malaya, n'kulowa m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi, pamodzi ndi ena onse. Mu Disembala 1996 mphezi inaotcha kompyuta yakale ya a Thomson, iwo n'kupeza ina yopanda kanthu m'kati. Kuyambira pamenepo Ngalande yonse inatsala m'bokosi lija basi, monga tinkadziwira ife.

Mvula inabwerera, nyanja inayamba kudzaza, ndipo Lachitatu lina la Febuluwale, ife tili ku Zomba, Likangala anasefukira dzuwa likuwala. Madzi anachokera kuphiri kumene kunavumba, n'kulowa m'nyumba mpaka m'maondo. Amayi, Abiti Sumaili, anasiya mbale zawo zikuyandama, anasiya thumba la ufa, n'kukoka bokosi la mlongo wawo. Atalitsegula anapeza matope okhaokha. Anachita chimene munthu aliyense wa kunyanja amachita ndi chinthu chonyowa. Anatsuka imodziimodzi, n'kuyanika. Thandala linali litapita ndi madzi, ndiye anasankha lata, poti limaumitsa msanga. Ife tinagona ku Zomba chifukwa msewu unaduka, ndipo tinafika mawa lake masana.

Amayi anatuluka akupukuta manja, nkhope ili ngwee.

“Achimwene, katundu wanu ndapulumutsa. Ndipo ndatsukira sopo wosambira uja wafungo, osati wochapira.”

Amalume anawerama, kupapasa pa lata, n'kutola imodzi. Anaikweza kudzuwa, anaitembenuza, anainunkhiza.

“Zauma bwino, chemwali.”

Amayi anayang'ana ine, ndipo nkhope yanga inawauza. Anakhala pansi pa mtondo. Anati mpunga ukanyowa timayanika, ndalama za pepala timayanika, Kuruani ya bambo awo anaiyanika pa chigumula cha kale chija ndipo ilipo mpaka lero. Nanga izi ndi zinthu zanji zoopa dzuwa?

“Ndi zinthu za anthu a m'nyumba zozizira,” anatero amalume. “Kulakwa n'kwa amene sanakuuzeni.”

Tinapita nawobe madisiketiwo kwa a Thomson. Ambiri sanalowe n'komwe pa kakamwa ka makina. Amene analowa, makinawo anangokukuta ngati mbuzi, n'kulavula mawu ofanana nthawi zonse. Kulembanso zonse kuchokera m'mutu kukanafuna maso a zaka khumi zapitazo, ndipo maso amenewo analibenso.

Anasiya kujambula. Kunalibenso pojambula, poti madzi anali atakwirira dothi lathu lija. M'mawa ankakhala pa bwato lophwanyika m'mbali mwa bango, akumvetsera nyanja ikubwerera. Mbalame zoyera zinkatera m'magulu, asodzi ankamata mabwato ndi phula, ena anayambanso kumanga zimbowera, tinyumba tawo toyandama pa udzu. Aliyense anali ndi chiyembekezo chaka chimenecho kupatula munthu mmodzi. Amayi ankawaperekera tiyi komweko, wothira mkaka ngakhale mkaka unali wovuta.

Chigumula chija chinakokololanso nazale yathu ya mpunga. Amayi sanalire nazo zimenezo. Anamanga mpango, anatenga dengu, n'kupita kutsidya kwa mayi wina amene iwo anamupatsa mbewu ya mpunga wa Faya chaka cha chilala. Anabwerako ndi mbande zodzaza dengu, mizu ikudontha. Kwathu ndi mmene timachitira: mbewu ukapatsa mnzako sulemba paliponse, koma tsiku limene munda wako wafa umadziwa khomo loti ugogode. Ndinayang'ana dengulo, ndipo m'mutu mwanga munachita ngati sikelo yakhazikika.

Ndinathamangira kubango n'kuwafunsa amalume kuti Ngalande anapatsa anthu angati. Anati sadziwa, sankalemba. Mwina khumi, mwina makumi atatu, ambiri ku Blantyre, ndipo zaka zapita. Ndinawaumiriza kuti akumbukire wa kufupi. Kenako anati kunali mnyamata wina wa pa chipatala chaching'ono cha mishoni kupitirira Songani, wa makutu aakulu, woseka asanamve mapeto a nkhani. Dzina linawathawa. Anawonjeza kuti ndisadzivute, anthu amataya zinthu zimene sanagule.

Loweruka ku Songani ndinagulitsa mpunga ndi funso pamwamba. Aliyense wogula ndinkamufunsa ngati akudziwa kalaliki wa chipatala wa makutu aakulu. Amayi ena anandifunsa ngati ndi wondifunsira wathawa. Mlungu wachiwiri, mayi wogulitsa tomato pambali panga anati ameneyo ndi Meshack, ndipo makutuwo akulirakulira.

Ndinawapeza a Meshack m'kachipinda kodzaza makatoni, kompyuta atafunditsa chitenje kuopa fumbi. Nditatchula dzina la Che Yasini anaimirira, n'kuyamba kuseka ndisanamalize. Anavundukula chitenje, anayatsa, ndipo pa galasi panatuluka mawu amene ndinkawamva kwa amalume koma ndinali ndisanawaonepo kunja kwa Zomba: tengani, konzani, patsani wina, wokupemphani musamukanize. Ngalande inali moyo, ikuwerenga mabotolo a mankhwala a malungo. A Meshack anali atalumikizako munda wawo, woti pulogalamu izichenjeza mankhwala akayandikira kutha mphamvu.

Ndinawafunsa kuti andikopere pa mtengo wanji, poti pakamwa pa wageni pamatuluka zimenezo.

“Iwe mtsikana wa mpunga, sudziwa kuwerenga? Ndikakulipiritsa, makinawa andilavulira.”

Anandikopera ulele, koma anati yawoyo ndi yakale, ya 1991. Yatsopanopo ili kwa mayi wina dzina lake Elenala, wosunga katundu pa ofesi ya kalabu ya alimi cha ku Liwonde. A Elenalawo anaipeza kwa mphunzitsi wina, amene anaipeza kwa munthu wa ku Blantyre.

Ku Liwonde ndinapita ndi matumba awiri a mpunga kuti ulendo udzilipire wokha. A Elenala anali mayi wamfupi, wosaseka msanga, pensulo ili m'tsitsi. Amalume anali asanawaonepo. Mayiwo ankaganiza kuti Yasini wolembedwa pamwamba pa pulogalamuyo ndi munthu wa dziko lina, kapena anamwalira kale. Nditawauza kuti ali moyo, akukhala pa bwato lophwanyika ku Chilwa akumwa tiyi, anandikokera mpando pafupi ndi kompyuta yawo. Anandionetsa zimene anachita. Mawu onse a pa galasi anawasandutsa Chichewa kuti alimi a m'komiti aziwerenga okha, ndipo anawonjeza zoti mpunga ukauma m'nkhokwe umapepuka, kuti wosunga asamanamiziridwe kuba. Zimenezi anaziphunzira okha, poyang'ana mmene mizere ya amalume inayendera n'kumatsanzira.

Anandikopera madisiketi atatu, anawakulunga m'pepala la pulasitiki, n'kundiuza kuti ndisawaike pafupi ndi wailesi kapena padzuwa. Ndinati za dzuwa banja lathu lonse laphunzira. Potsanzika anati ndikawafunse mkuluyo chifukwa chimene pulogalamu imachedwa matumba akapitirira chikwi, poti iwo afufuza mpaka atopa.

Funso limenelo ndi limene linawadzutsa amalume pa bwato paja, kuposa madisiketi amene ndinawaika m'manja. Anawagwiragwira, anawanunkhizanso monga anachitira pa lata, koma nditanena za matumba chikwi anakweza mutu. Anati akudziwa pamene pali vuto, ndi pa chitseko chachiwiri, anachimanga chopapatiza poganiza kuti palibe adzasunge zinthu zochuluka choncho.

Lachitatu kwa a Thomson ine ndinakhala pampando wa kutsogolo, amalume pambali panga atatseka maso. Ndinkawerenga mokweza mizere ya pa galasi, mawu achingerezi oduladula ndi zizindikiro zimene sindinkadziwa mayina ake, ndikuzitchula mmene zikuonekera: kanyenyezi, kambedza, timadontho tiwiri. A Thomson ankaseka kuseri kwa taipi yawo. Amalume ankagwedeza mutu ngati munthu womva nyimbo ya kwawo, milomo ikutsogola pa mawu amene ndinali ndisanafikepo. Kenako ndinafika pamene milomo yawo inaima.

“Bwereza pamenepo.”

Ndinabwereza.

“Izi si zanga. Ndi za mayi wa ku Liwonde uja?” Anamvetsera mpaka ndinamaliza tsamba lonse. “Wakumba mokhotakhota, ngati njira ya nkhanu. Koma madzi akufika. Thomson, ukumva? Madzi akufika.”

Tinakhala choncho mpaka a Thomson anafuna makina awo. Ya a Meshack ndi ya a Elenala sizinkagwirizana, chifukwa anapatuka pa zaka zosiyana, koma ngalande yaikulu inali yonse, yosagumuka, ndipo amalume anati kuzilumikiza ndi ntchito ya miyezi yochepa. Chimodzi chokha sichinabwerere. Gawo la madzi a sikimu, lija anajambula pa nyanja youma, panalibe khomo lililonse limene ndikanagogoda.

M'matola pobwerera, tikutsika kuchokera ku Zomba, nyanja inaonekera patali, yotambalala, yamtundu wa lata latsopano, Chisi atakhazikikanso pa madzi enieni. Amalume sankaiona bwino, ndiye ndinkawauza. Anati chojambula chawo chili pansi pamenepo, milamba ikusambira m'mabokosi. Kenako anati zonse zimene anapereka zabwerera ndi ana, chimene anabisa chifukwa cha manyazi ndicho chafa. Sananene modandaula. Ananena monga ine ndimanenera ndikapeza pamene thumba likudonthera.

Kunyumba amayi anatichingamira pamsewu. Amalume anawapatsa disiketi imodzi yopindika ija, yomwe anali akuyenda nayo m'thumba chiyambire tsiku lija, n'kuwauza kuti aziikirapo kapu ya tiyi, ntchito ina ilibe. Amayi anati achimwene ayambanso mwano, ndiye kuti achira.

Tsopano m'mawa sakhalanso pa bwato. Pabwalo pathu ndasesa malo, ndathira mchenga wa kumtsinje, ndipo akujambulanso mabokosi a madzi, ang'onoang'ono kusiyana ndi a panyanja, nkhuku zikuwathandiza kufufuta. Ine ndikuphunzira mabatani a kompyuta pa katoni imene a Thomson anandijambulira zilembo, ndipo zala zanga zafulumira kale kuposa za amalume. Za chigayo sindinasiye. Ndaona kuti makalabu ngati a a Elenala adzafuna munthu woyenda, wowaikira pulogalamu ndi kuwaphunzitsa, ndipo mbewu ingakhale yaulele koma miyendo ya munthu imalipidwa. Amalume akuti apo mutu wanga wapeza mthunzi.

Loweruka likubwerali ndigulitsa mpunga ku Songani ndi kugula bokosi la madisiketi atsopano. Lachitatu tipita kwa a Thomson, amalume azinena, ine ndizitayipa gawo la madzi kuyambira pa bokosi loyamba. Pamene tilekezere tsiku limenelo, ngakhale likhale ndi mabowo, tikopera kawiri. Imodzi ndikasiya kwa a Meshack, ina ipita ku Liwonde kwa a Elenala pamodzi ndi yankho la matumba chikwi.